Momwe mungayendere mabwinja a Kenilworth Castle ndi banja lonse

Kwa mabanja okhala ku Coventry, Birmingham, Leicester ndi madera ozungulira, Kenilworth Castle, linga lakale la ku England, ndi ulendo wopita m'mawa n'kubwerako madzulo. Ili m'chigawo cha Warwickshire, makilomita osakwana 10 kuchokera ku Coventry, ndipo imayang'aniridwa ndi bungwe la English Heritage. Musaisokoneze ndi Warwick Castle yomwe ili chapafupi. Ya Warwick ili ndi madenga, zisudzo ndi mitengo yokwera. Ya Kenilworth ndi bwinja: makoma a miyala yofiira alipo, koma nyumba zake zambiri zilibe denga. Mudzakhala panja pafupifupi tsiku lonse, ndipo kukonzekera konse kuyambire pamenepo.

Tsiku ndi matikiti

Sankhani tsiku la pakati pa Epulo ndi Okutobala. M'nyengo yozizira amatsegula masiku ochepa pa sabata, ndipo mu Disembala ikamakwana 4 koloko kunja kwayamba kale kuda. Kawirikawiri geti imatsegulidwa 10 koloko m'mawa, koma onani kaye pa webusaiti yawo, chifukwa masiku a zochitika zapadera mtengo umasintha ndipo anthu amachuluka.

Matikiti gulani pa webusaiti ya English Heritage tsiku lisanafike, amatsikirako mtengo poyerekeza ndi apageti. Ana osakwana zaka 5 salipira. Ngati ana ndi ambiri, khalani pansi muwerengere za umembala wapachaka: munthu wamkulu mmodzi akakhala membala amalowa ndi ana mpaka 6 osakwana zaka 18 popanda kulipira, ndiponso salipira poimika galimoto. Banja lomwe chaka chomwecho lidzapitenso kumalinga ena a bungweli monga Ashby de la Zouch, Bolsover kapena Goodrich limapindula nawo. Lopita kamodzi kokha lingogula tikiti wamba, ngakhale apageti akunyengerereni bwanji. Khadi la National Trust pano siligwira ntchito, limenelo ndi bungwe lina.

Mukasaka pa intaneti pamatuluka mawebusaiti ena ogulitsa matikiti a malo okopa alendo, ena amaonjezera kandalama kawo pamapeto penipeni mutalemba kale zonse. Asiyeni. Chenjeraninso ndi aja olengeza m'magulu a WhatsApp kuti ali ndi minibasi ya ulendo, aliyense apereke zakuti. Funsani ngati galimotoyo ili ndi inshuwalansi yonyamula anthu olipira komanso mipando ya ana. M'galimoto wamba lamulo la ku Britain limafuna kuti mwana akhale pampando wake mpaka atakwanitsa zaka 12 kapena kutalika masentimita 135. Akayamba kuzungulirazungulira poyankha, kwerani sitima.

Kafikidwe

Pagalimoto tsatani msewu wa A46 n'kupatukira ku Kenilworth, zikwangwani zofiirira zidzakulondolerani. Malo oimikapo galimoto ali pafupi ndi polowera ndipo amene si membala amalipira. Masiku a tchuthi cha sukulu amadzaza msanga, choncho fikani geti ikungotsegulidwa.

Siteshoni ya sitima ya Kenilworth inatsegulidwanso mu 2018, ili panjanji ya pakati pa Coventry ndi Leamington Spa. Sitima zake sizibwera pafupipafupi, ndiye lembani nthawi ya yobwererayo musananyamuke, makamaka Lamlungu. Kuchokera pasiteshoni ndi mtunda wopitirirako kilomita imodzi ndi theka, mphindi 30 ndi ana aang'ono. Okhala ndi khadi la Family & Friends Railcard akulu amachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu, ana 60 peresenti. Basi nambala 11 yochokera ku Coventry imadutsanso m'tauniyi.

Zovala ndi zonyamula

Nsapato zikhale zotseka, za mphira yogwira pansi. Miyala ya m'mabwinjamo inapereseka ndi mapazi a zaka mazana ambiri, ikanyowa imaterera, ndipo udzu wa pabwalo umasunga madzi ngakhale mvula itagwa dzulo. Masilipasi ndi nsapato zatchalitchi zitsale kunyumba, ngakhale mukufuna zithunzi zooneka bwino. Aliyense akhale ndi jekete losalowa madzi. Ambulera sathandiza kwenikweni: pamwamba mphepo imamutembenuza, komanso amakutsekerani dzanja lomwe muyenera kugwirira mwana.

Pulamu imayenda bwino pabwalo lakunja ndi m'munda, koma m'nsanja simulowa nayo. Khanda liberekeni. Chitenje chimagwira ntchito yake bwinobwino pano, bola mumange molimba ndipo mukumbukire kuti makomo ena ndi aafupi, powerama mutu wa mwana uli kumbuyo kwanu. Chikwama chikhale chimodzi chakumsana, anyamule amene sakubereka.

Kulowa, ndi chifukwa choyambira kumwamba

Mukaonetsa tikiti mumayenda pamsewu wokwezeka wopita ku Mortimer's Tower, chipata chakale cha lingali. Auzeni ana kuti akuyenda pakhoma la damu. Nthawi ya Mfumu John, cha m'ma 1210, khomali linakwezedwa n'kutseka timitsinje, madzi n'kudzaza chigwa chonse chakumanzere kwanu, pomwe lero pali minda ndi msipu. Madzi amenewo ndi amene anachititsa kuti mu 1266 Mfumu Henry III azinge lingali kwa miyezi pafupifupi 6 osalilowa. Anabweretsa makina oponya miyala, anaitanitsa ngakhale mabwato kuchokera ku Chester, koma otsatira Simon de Montfort, mtsogoleri wa oukira mfumuyo, omwe anali mkatimo anagonja mu Disembala chifukwa cha njala ndi matenda basi.

Mukalowa, ana adzaona udzu wambiri ndi malo ogulitsa tiyi, n'kufuna kuthamanga kapena kudya. Apa ndi pomwe mabanja ambiri amalakwitsa dongosolo. Amayamba ndi chakudya ndi munda, n'kusiya zokwera kuti akazichite masana, pomwe ana atopa, akulu miyendo yalemera, anthu achuluka pamasitepe, ndipo mwina mitambo yasonkhana. Pitani kaye kuchimbudzi, chifukwa kumwamba kulibe ndipo kutsika ndi mwana wopanikizika pakati pa anthu okwera si zamasewera. Kenako lunjikani ku Leicester's Building.

Nyumbayi anaimanga Robert Dudley, yemwe anapatsidwa lingali mu 1563, kuti Mfumukazi Elizabeth I azifikiramo. Mfumukaziyo inakhala kuno masiku 19 mu 1575. Pansi pa zipinda zake panagwa kalekale, kotero kwa zaka zambiri anthu ankangoyang'ana m'mwamba ali pansi. Mu 2014 anaikamo masitepe ndi nsanja zoimapo zofika mamita 18, ndipo tsopano mumaima pamlingo weniweni wa zipinda za mfumukazi, kuona moyatsira moto motsalira pakhoma ndi mawindo aakulu omwe nthawi imeneyo anali ndi magalasi, chinthu chodula kwambiri.

Kakweredwe kake ndi aka. Wamkulu mmodzi atsogole, wina atsalire kumbuyo, ana pakati. Pokwera, wamkulu akhale kumbuyo kwa mwana wamng'ono. Potsika akhale kutsogolo kwake, kuti akaterereka agwere pa inu. Zotchingira zilipo ndipo n'zolimba, vuto silikhala pamenepo. Vuto ndi mantha omwe amabwera mwadzidzidzi: nyumbayi ndi chigoba, mukayang'ana pansi mumaona mpaka pomwe munayambira, ndipo mphepo imalowera m'mawindo opanda kanthu. Mwana amene amakwera mitengo kunyumba akhoza kuuma gwa pakati panjira, osafuna kukwera, osafunanso kutsika. Akulu nawonso zimawachitikira, kungoti amabisa. Zikatero musamukoke dzanja, musamunyamule, ndipo musamuseke pamaso pa abale ake. Imani naye pansanja yapafupi, ayang'ane khoma kapena kunja patali m'malo moyang'ana pansi, ena adutse. Akapuma mufunseni ngati apitirize. Akakana, mmodzi atsike naye pang'onopang'ono, enawo apitirire. N'chifukwa chake akulu awiri amafunika: kholo limodzi lokhala ndi ana atatu likafika pamenepa limasowa chogwira.

Musakweze mwana paphewa kapena kumukhazika pachotchingira kuti aone bwino kapena ajambulidwe. Foni nayo igwireni ndi manja awiri, ikagwa kuchokera pamenepo mwaiwala. Agogo a mawondo ovuta asakakamizidwe, pansi pali mabenchi ndipo nyumbayo imaoneka bwino ndithu kuchokera pabwalo lamkati.

Mukatsika pitani ku holo yaikulu ya John of Gaunt, mwana wa Mfumu Edward III, yomangidwa m'zaka za m'ma 1370. Pomwe mwaimapo ndi chipinda chapansi chosungiramo katundu. Holo yeniyeniyo inali pamwamba panu, ndipo mudzaona mzere pakhoma pomwe pansi pake panadutsa, ndi mawindo ataliatali ngati a tchalitchi cha katolika. Kumapeto kwake kuli Strong Tower, komwe kulinso kokwera. Masitepe akale ozungulira ndi opapatiza mbali yamkati, ndiye pondani kotambalala chakukhoma, ndipo mverani kaye ngati wina akutsika musanayambe. Mwana amene anachita mantha koyamba kuja musamuyesenso kuno.

Nsanja yaikulu yamakona anayi ndiyo yakale kuposa zonse. Anaiyamba Geoffrey de Clinton, msungichuma wa Mfumu Henry I, m'zaka za m'ma 1120, ndipo makoma ake ndi ochindikala kuposa mamita 4. Ana akafunsa chifukwa chomwe mbali imodzi kulibe khoma, yankho lake si ukalamba. Nkhondo yapachiweniweni itatha, cha m'ma 1649 ndi 1650, a mbali ya nyumba ya malamulo, omwe anagonjetsa mfumu, analigwetsa dala kuti lingali lisadzagwirenso ntchito pankhondo, ndipo anaboolanso damu lija madzi n'kuphwa. Kukwera pamakoma ogumuka n'koletsedwa. Mwala wake ndi wofewa, umanyenyeka, ndipo ogwira ntchito amadzudzula pomwepo.

Chakudya ndi zotsala

Pofika apa yakwana 12 kapena 1 koloko. Chakudya chochokera kunyumba n'chololedwa, yalani pa udzu wa bwalo lakunja. Mpunga ndi nkhuku m'kontena, mandasi, fulasiki ya tiyi ndi madzi akumwa zimakupulumutsani ndalama zambiri, popeza kugulira banja la anthu 5 masangweji ndi zakumwa pamalopo kukhoza kufanana ndi mtengo wa matikiti. Pansi pa chitenje ikani pulasitiki. Moto ndi zowotcha nyama ayi.

Malo a tiyi ali m'khola lakale la akavalo, momwenso muli chionetsero cha mbiri ya lingali ndi miyala yobulungira yomwe inaponyedwa mu 1266. Ana amaikonda kuposa zolembedwa zonse. Mvula ikagwa thawirani mmenemo kapena ku Leicester's Gatehouse, nyumba yomwe inatsala ndi denga chifukwa msilikali wina wamkulu anaisandutsa pokhala pake. Nthawi zina imatsekedwa kukakhala ukwati.

Munda wa mfumukazi anaukonzanso mu 2009 potsatira kalata ya munthu amene anauona mu 1575. Uli ndi kasupe wa mwala woyera pakati ndi khola la mbalame. Mphindi 20 zakwana, ndipo umakongola kwambiri mu Julayi. Potulukira pali sitolo ya malupanga amatabwa ndi zidole, gwirizanani za ndalama musanalowemo. Ana akakhala kuti akadali ndi mphamvu, paki ya Abbey Fields ili panjira yobwerera m'tauni, ndi yaulere, ndipo ili ndi malo osewerera ndi zotsalira za nyumba yakale ya amonke. Opita kusitima anyamuke pageti kutatsala mphindi 45.