Akakuchotsani ntchito chifukwa cha pakati

Amayi anzanga amene mukugwira ntchito za m'nyumba kuno ku Johannesburg, madamu akangoona kuti muli ndi pakati n'kukuuzani kuti "mawa musabwere", musangolongedza zovala n'kupita. Lamulo la ntchito la dziko lino, Labour Relations Act la 1995, limaletsa kuchotsa munthu chifukwa cha pakati, ndipo lamulo lina, Basic Conditions of Employment Act la 1997, limapatsa mayi ufulu wa tchuthi cha miyezi inayi pobereka, ngakhale kuti abwana sakakamizidwa kumulipira pa nthawiyo.

Kokadandaula ndi ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya antchito ndi mabwana awo, ndipo n'kwaulere. Koma pali malire a masiku 30 kuchokera tsiku limene anakuchotsani. Apa m'pamene ambiri amagwera, kumangodikira kuti mwina madamu aimba foni. Pemphani fomu ya LRA 7.11, mudzaze msanga.

Za mapepala zisakuopseni. Mu 2008 khoti la za ntchito, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health, linagamula kuti mlendo amene alibe pamiti yovomerezeka ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo.

Umboni ndiye nkhani, poti ambirife tinangogwirizana pakamwa. Mauthenga a WhatsApp aja oti "mubwere Lolemba", ma SMS a kubanki osonyeza malipiro, khadi la sikelo, musataye chilichonse. Adiresi ya nyumbayo ndi dzina lonse la abwana mulembe pena pake, fomuyo imafuna zimenezo.