Maphunziro achangu a pa tchuthi ku yunivesite: kusankha, kulembetsa ndi kumaliza kwa wophunzira wa ku Tete

Pa zikwangwani za m'mayunivesite mumaona mayina osiyanasiyana: curso de verão, escola de verão, curso de férias, curso intensivo, nthawi zina escola de inverno. Onsewa akunena chinthu chimodzi. Phunziro limene limatenga simesita yathunthu, masabata pafupifupi 16, amalipanikiza kuti lithe m'masabata 2 mpaka 6 nthawi ya tchuthi. Ntchito yake sachepetsa, amangochepetsa masiku. Amene amalembetsa akuganiza kuti ndi njira yachidule yopezera satifiketi ndi amene amathawa sabata yachiwiri ndalama atalipira kale.

Yambani ndi kalendala, chifukwa mawu akuti verão, kutanthauza nyengo yotentha, amasokoneza anthu ambiri. Kuno verão ndi Disembala mpaka Febuluwale, m'kati mwa dzinja, chimanga chikulira khasu ndipo misewu ya ku Macanga ndi Chifunde ili matope okhaokha. Ku Ulaya ndi ku America nyengo yawo yotentha ndi Juni mpaka Ogasiti, pamene ku Ulongwe ndi ku Tsangano anthu akuwotha moto. Choncho kosi ya ku Portugal kapena ku Germany ikhoza kugwera pa mayeso anu a simesita yoyamba kapena pa masabata oyamba a simesita yachiwiri. Ikani masiku a kosiyo pambali pa calendário académico ya sukulu yanu musanachite china chilichonse. Akawombana, pemphani chilolezo cholembedwa, kapena dikirani chaka china.

Funso lalikulu: mudzabwera ndi chiyani?

Makosi amenewa alipo a mitundu iwiri, ndipo chikwangwani sichinena poyera nthawi zonse. Ena amapereka certificado de participação, pepala longochitira umboni kuti munalipo. Ndi labwino pa CV, koma silichotsa phunziro lililonse pa digiri yanu. Ena amapereka makredito, ali ndi mayeso, ndipo amakupatsani nota. Amenewa ndi amene angalowe m'malo mwa kadeira imene munalephera kapena imene mukufuna kuidutsiratu.

Mozambique ili ndi dongosolo lake lowerengera makredito lotchedwa SNATCA, ndipo kredito imodzi imaimira maola 25 mpaka 30 a ntchito ya wophunzira, kuphatikiza m'kalasi ndi kuwerenga panokha. Dongosolo la ku Ulaya, ECTS, limawerenga mofanana. Tengani cholembera muwerengetsere. Phunziro la makredito 6 ndi maola 150 mpaka 180. Mukawagawa m'masabata 4, sabata iliyonse ikufuna maola 38 mpaka 45, ngati ntchito yolembedwa ya tsiku lonse. Wina akakuuzani kuti mupeza makredito 6 pa masiku 5, dziwani kuti masamu akewo sakugwirizana, ndipo ofesi ya kaundula ya sukulu yanu idzawerengetsa chimodzimodzi n'kukukanani.

Apa ndi pamene ambiri amagwa, ndiye tikhalitsepo. Kuti yunivesite ina yakupatsani makredito sizitanthauza kuti yanu iwalandira. Chilolezo cha equivalência, chovomereza kuti kosi ya kwina ilowe m'malo mwa phunziro la pasukulu panu, chimapemphedwa musanapite, osati mutabwera. Lemberani okonza kosiyo akutumizireni plano temático, ndiye kuti mndandanda wa mitu, maola a m'kalasi, kuchuluka kwa makredito ndi mmene amayesera. Uyerekezeni ndi wa phunziro la pasukulu panu, mutu ndi mutu. Ngati mitu yambiri ikusowa, musadzivute. Ngati ikufanana, lembani requerimento kwa mkulu wa fakuludade, mumatepo mapepala onse awiri, mukapereke ku Registo Académico, ofesi ya kaundula ija, ndipo kope lanu alidinde tsiku lolandirira. Dikirani yankho la papepala lokhala ndi siginecha ndi chidindo. Mphunzitsi akakuuzani pakhonde kuti "pitani, tidzaona mukabwera", mawuwo ndi abwino koma si chilolezo. Aphunzitsi amasamutsidwa, akuluakulu a dipatimenti amasintha, ndipo wobwera m'malo mwake adzafuna pepala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kumene mungafufuze

Yambani pafupi. Mumzinda wa Tete muli nthambi ya Universidade Púnguè, fakuludade ya zaumoyo ya Universidade Zambeze, Instituto Superior Politécnico de Tete yodziwika ndi maphunziro a migodi, ndi nthambi ya Universidade Católica de Moçambique. Ku Ulongwe kuli fakuludade ya zaulimi ya UniZambeze. Makosi a pa tchuthi sakhala ofanana chaka ndi chaka, choncho pitani nokha ku secretaria mukafunse, muwerenge edital, chikalata cholengeza kosiyo, pa bolodi, ndipo muziona tsamba lenileni la sukuluyo. Edital yoona imanena masiku, maola, ndalama, malo angati alipo, ndi oyenera kulembetsa.

Akunja nawonso alipo. Universidade de Coimbra ku Portugal imachititsa curso de férias ya chilankhulo ndi chikhalidwe cha Chipwitikizi, yothandiza amene akuphunzira uphunzitsi wa chilankhulochi. ICTP, likulu la kafukufuku wa sayansi la ku Trieste ku Italy, limakonza masukulu afupiafupi a fizikisi ndi masamu, ndipo limaganizira kwambiri ochokera kumayiko osauka. DAAD, bungwe la ku Germany lothandiza ophunzira akunja, limapereka thandizo la makosi a Chijeremani a nyengo yotentha, koma kwa amene anachiyamba kale chilankhulocho.  Mapologalamu otere amatseka kulembetsa miyezi ingapo asanayambe. Mukayamba kufufuza mu Meyi kosi ya mu Julaye, mwachedwa kale.

Malawi tili naye pakhomo: Calómuè ndi Dedza, Zóbuè ndi Mwanza. Chichewa chidzakuthandizani pamsika ndi m'minibasi, koma m'kalasi amaphunzitsa m'Chingelezi, ndipo pa kosi yothamanga mulibe nthawi yomasulira tsamba lililonse. Dziyeseni motere: werengani masamba 10 a buku la phunzirolo m'Chingelezi. Zikakutengerani maola opitirira 2, yambani mwalimbitsa chilankhulo.

Chenjerani ndi akuba a pa Facebook ndi WhatsApp amene amaika chizindikiro cha yunivesite pa chithunzi n'kunena kuti malo atsala 3, tumizani ndalama lero. Sukulu yeniyeni imalandira ndalama kudzera mu akaunti ya banki ya dzina la sukuluyo kapena pa entidade ndi referência, ndipo imapereka lisiti. Akakupatsani nambala ya M-Pesa kapena e-Mola ya dzina la munthu, siyani pomwepo. Imelo ikhale ya adiresi ya sukulu, osati ya Gmail.

Mapepala

Konzani BI imene sinathe ntchito, NUIT, chikalata cha manota anu, zithunzi za pasipoti, CV, kalata yofotokoza cholinga chanu, ndi kalata ya umboni ya mphunzitsi. Makope otsimikizidwa amadindidwa ku cartório notarial. Pitani m'mawa mutanyamula mapepala enieni. Mphunzitsi mumupemphe kalata masabata 3 tsiku lotseka lisanafike, mutamupatsa edital ndi CV yanu kuti asalembe zongopeka.

Pali vuto lina la ife a m'malire limene a ku Maputo saliganizira. Dzina limodzi limalembedwa pawiri: pa BI pali Muale, pa satifiketi ya kusukulu pali Mwale, apa Piri, apo Phiri, Chissale pena Chisale. Kwa mlembi wa ku Lisbon kapena ku Berlin amenewo ndi anthu awiri. Yalani mapepala anu onse patebulo, muyerekeze chilembo ndi chilembo, tsiku lobadwa ndi dongosolo la mayina. Pa fomu iliyonse lembani ndendende mmene zilili m'pasipoti. Kusiyana kukakhalapo, kakonzetseni kumene pepalalo linachokera nthawi ikadalipo.

Pojambula mapepala ndi foni, ayaleni pamalo osalala pafupi ndi zenera masana, osati usiku ndi tochi. Asandutseni PDF ndipo muone kukula kumene fomu ikulola. Musadikire tsiku lomaliza, poti netiweki imagwa nthawi yomwe mukuifuna, ndipo ola lotsekera ndi la dziko lawo, osati lathu.

Kalata ya cholinga isapitirire tsamba limodzi. Osayamba ndi mbiri ya umphawi wa kwanu. Nenani zimene mukuphunzira, vuto lenileni limene mukufuna kulimvetsa, ndi mutu uti wa kosiyo umene ukukhudzana nalo. Wophunzira zaulimi amene walemba za matenda a mbatata ya kachewere m'minda ya ku Tsangano, kapena wa zamigodi amene walemba za fumbi la malasha ku Moatize, amakumbukika kuposa amene walemba kuti akufuna kutukula dziko.

Pasipoti imapangidwa ku SENAMI. Yambani miyezi 3 kapena 4 ulendo usanafike. Kwa mayiko a Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya monga Portugal, Germany ndi Italy, viza ya masiku osapitirira 90 imafuna inshuwalansi ya zaumoyo ya mayuro osachepera 30,000, pasipoti yokhalabe ndi mphamvu miyezi 3 mutatuluka kumeneko, kalata yokuitanani, ndi umboni wa malo ogona ndi ndalama. Yankho limatenga masiku 15 ndipo likhoza kufika 45. Maofesi ambiri a akazembe ali ku Maputo, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500 pamsewu, ndiye ulendo umenewo ulowe mu bajeti.

Ndalama

Mawu akuti bolsa, thandizo la ndalama zamaphunziro, muwafunsitse. Ina imalipira sukulu yokha. Ina imalipira zonse, koma mwa reembolso, kutanthauza kuti tikiti mugula nokha ndipo adzakubwezerani mutafika kapena mutamaliza. Funsani mwachindunji: ndege, viza, chakudya cha Loweruka ndi Lamlungu, ndani alipira? Ngakhale kosi ili mumzinda wa Tete momwemo, wochokera ku Angónia awerengere chapa yopita ndi yobwera, chipinda cha mwezi, Credelec, madzi akumwa, mafotokope ndi mabandulo a intaneti. Pamwamba pa zonsezo onjezani gawo limodzi mwa magawo 5 la zadzidzidzi. Lisiti iliyonse muijambule ndi kuisunga.

Kosi ikayamba

Malamulo ambiri amafuna kuti mupezeke m'kalasi kagawo ka 75 kapena 80 pa 100. Pa kosi ya masiku 20, mukajomba masiku 5 mwafika kale m'malire kapena mwagwa. Koma vuto lenileni si kaundula. Tsiku limodzi pano ndi ngati sabata imodzi ya simesita wamba, ndipo phunziro la Lachitatu limamangidwa pa la Lachiwiri. Choncho zakumudzi zikonzedweretu. Ngati ndi Januwale, pezani aganyu opalira ndi wothira feteleza wachiwiri musananyamuke. Uzani abale kuti masabata amenewa simupezeka pa chinkhoswe kapena pa milandu ya kwa amfumu. Maliro sapangana, koma akagwa, dziwitsani mphunzitsi tsiku lomwelo ndipo mufunse zoti muwerenge. Aphunzitsi a m'masukulu ndi anamwino atenge dispensa yolembedwa kwa mkulu wawo wa ntchito, chifukwa kujomba kopanda pepala kumadula malipiro.

Pemphani mndandanda wa zowerenga sabata imodzi kosi isanayambe, mukopere zonse m'foni kapena mu flash, ndipo muwerengeretu mitu iwiri yoyamba. Tsiku lililonse mukaweruka, khalani ola limodzi kulembanso manotsi a tsikulo m'mawu anu. Zimene simunamve zilembeni pambali mukafunse m'mawa mwake, osasunga mpaka Lachisanu. Pezani anzanu 3 kapena 4 ofotokozerana nawo. Kukambirana m'Chichewa kumathandiza kuti mfundo ikhazikike m'mutu, koma mukatero muzilembanso yankho m'chilankhulo cha mayeso, poti mawu a ukatswiri ndi amene woyesa amafuna kuwaona.

Wochokera kumapiri asapeputse kutentha kwa mumzinda wa Tete, kumene nyengo yotentha kumapitirira madigiri 40. Masana mutu sugwira. Werengani kuyambira 4 koloko m'mawa mpaka 7, muzimwa madzi musanamve ludzu, ndipo gonani m'neti. Dzinja ndi nthawi ya malungo, ndipo malungo a masiku 4 amatha kukulandani kosi yonse. Thupi likangotentha, kayezetseni tsiku lomwelo ndipo mutenge pepala la kuchipatala loti mukaonetse ku secretaria.

Ntchito yomaliza, kaya ndi lipoti kapena polojekiti, amailengeza tsiku loyamba koma ambiri amaiyamba usiku womaliza. Sankhani mutu sabata yoyamba, muonetse mphunzitsi tsamba limodzi la ndondomeko yanu sabata yachiwiri. Kukopera za pa intaneti osatchula mwini wake kumalepheretsa munthu ngakhale atakhoza zina zonse.

Musanachoke pamalopo, onani satifiketi yanu muli chiimire pa kauntala. Pakhale dzina lolembedwa molondola, dzina la phunziro, masiku, maola, makredito, nota, siginecha ndi chidindo. Ngati nota ili m'malembo kapena pa 100, pemphani pepala lofotokoza mmene amagawira manota awo, chifukwa kuno timawerenga kuyambira 0 mpaka 20 ndipo wokhoza amayambira pa 10. Akakuuzani kuti satifiketi adzatumiza pambuyo, tengani declaração yakanthawi ndi dzina la ofesi yoti muziikumbutsa. Mukafika kwanu, pangani kope lotsimikizidwa, mulimate pamodzi ndi chilolezo cha equivalência chija, mukapereke ku Registo Académico kulembetsa kwa simesita yatsopano kusanatseke, ndipo pakatha masabata 2 mubwerere mukaone ngati nota yalowadi m'kaundula wanu.