Konzekerani dzinja kolera asanafike pakhomo

Anthu ambiri akamakamba za ngozi za m'dzinja amaganiza za madzi osefukira, nyumba zogwa ndi napolo. Amene anali ku Chilobwe, ku Phalombe kapena ku Mulanje mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwa, akudziwa kuti mavuto sathera tsiku limene madzi aphwa. Zimbudzi zimakhala zagwa, zonyansa zalowa m'zitsime, ndipo anthu mazanamazana adzadza pasukulu imodzi akugwiritsa ntchito zimbudzi ziwiri. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, namondwe wa Ana atangodutsa, unafalikira m'maboma onse ndipo unapha anthu oposa 1,700. Ndiye pokonzekera dzinja, yambani ndi madzi akumwa.

Pezani ndowa ya malita 20 yokhala ndi chivindikiro, makamaka ija ya mpopi. Ngati ilibe mpopi, pakhale kapu imodzi yotungira yokhala ndi chogwirira, ndipo kapu imeneyo isakhale yomwera. Kapu yomwe mwana wamwera n'kuibwezera m'ndowa yawononga kale madzi onse. Mankhwala a klorini katengeni kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu mvula isanayambe, ndipo mumufunse akuonetseni muyeso ndi maso, osangomva kwa oyandikana nawo. Mukathira, dikirani mphindi 30 musanamwe. Ena amati klorini amanunkha, ndiye amathira m'madzi osamba okha, akumwa n'kuwasiya. Fungolo limachepa madzi akakhala kanthawi. Klorini akasowa, wiritsani madzi mpaka abwadamuke. Madzi a pamjigo nawonso athireni mankhwala ngati madzi osefukira anafika pamenepo, ngakhale aoneke oyera.

Chimbudzi chiyang'aneni mu Okutobala, nthaka ikadali youma. Mitengo ya pansi ngati yafumbwa, sinthani. Lambulani kangalande kuti madzi amvula azilambalala dzenje, pabowo pakhale chivindikiro, ndipo mpondagiya wosambira m'manja ndi sopo kapena phulusa zikhale pafupi.

Kolera amatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa chifukwa madzi amatha m'thupi. Munthu akayamba kutsegula m'mimba kwamadzimadzi, koyera ngati madzi otsukira mpunga, mpatseni Thanzi ORS pomwepo, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo nyamukani kupita kuchipatala akumwa m'njira. Musadikire kuche. Thanzi akasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi. Mchere musaonjeze poganiza kuti achira msanga, mungamuvulaze. Akasanza, dikirani pang'ono n'kupitiriza kumumwetsa pang'onopang'ono. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa.

Chinthu china chimene mabanja ambiri amachiiwala ndi mankhwala a tsiku ndi tsiku. Pothawa usiku munthu amanyamula mwana ndi bulangete, ma ARV, mankhwala a BP, a shuga kapena a khunyu n'kutsala m'nyumba. Mlatho ukaduka, monga zimachitikira kuchigwa cha Shire, kuchipatala simufikako msanga. Mangani mabuku akuchipatala a banja lonse, ziphaso za unzika ndi mankhwalawo m'jumbo ziwiri, ina mkati mwa inzake, ndipo muzipachike pamalo amene aliyense m'nyumbamo akuwadziwa, pamodzi ndi tochi ndi neti ya udzudzu. Mukapita kukatenga mankhwala m'dzinja, fotokozani kuti kwanu kumaduka, mufunse ngati angakupatseni okwanira nthawi yotalikirapo. Mayi woyembekezera amene masiku ayandikira apite kuchidikiro mitsinje isanadzaze.

Kenako khalani pansi monga banja, ana ali pomwepo, mugwirizane kothawira, kaya ndi kusukulu kapena kutchalitchi cha kumtunda, njira yopitira kumeneko yosawoloka mtsinje, ndi amene adzanyamule agogo kapena wolumala. Dziwani amene ali m'komiti yoona za ngozi m'mudzi mwanu, popeza uthenga wochokera ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi kunthambi ya zanyengo umadzera kwa iwo, kwa amfumu ndi pawailesi. Akati samukani, samukani kukadali kowala. Pa nkhani za matenda, imbani 929, nambala yaulere ya Chipatala cha pa Foni, ndipo muilembe pachikuto cha buku lakuchipatala kuti aliyense aipeze.