Kusankha nyambo za nthenga zowedzera mullet madzi akamakwera

Mullet imaoneka mosavuta koma kuikola ndi nkhani ina. Nsombazi zimayenda m'magulu pafupi ndi gombe la nyanja yamchere, m'madoko ndi pomwe mitsinje imathira m'nyanja, nthawi zina m'madzi osafika n'komwe m'mawondo, misana ili kunja kwa madzi. Ambiri amaziponyera nyambo zazitali zonyezimira zofanana ndi kansomba, zomwe amagwirira nsomba zolusa, kenako amati mullet siluma fly, nyambo ya nthenga yomangidwa pambedza. Imaluma ndithu. Chofunika n'kuyamba mwaona chomwe ikudya musanatsegule bokosi lanu la nyambo.

Mullet imadya chozolika, kusefa matope ndi mchenga komanso kupala ndere pamiyala, ndipo m'mimba mwake muli chiwalo cholimba ngati nthutumba chomwe chimapera zimenezi. Pamodzi ndi matopewo imameza tishirimpi (tizilombo ta m'madzi ta m'gulu la nkhanu), tinyongolotsi ndi mphutsi, ndipo mwayi wathu uli pamenepo. Choncho mbedza ikhale yaing'ono. Ine ndimamangira kwambiri pa nambala 12. Madzi akayera ndiponso kuli bata ndimapita pa 14, mafunde akavundula ndimatenga 10. Kumbukirani kuti nambala ikamakwera, mbedza imachepa. Koma waya wake ukhale wolimba, chifukwa mullet ikakodwa imathawa mwamphamvu moti mbedza yoonda imawongoka.

Pamatope pomwe madzi amaphwa n'kubwereranso kawiri patsiku, yambani ndi nyambo yofanana ndi kashirimpi. M'magombe a ku Ulaya muli kena kotchedwa Corophium volutator, kosapitirira sentimita imodzi, komwe kamakumba mauna m'matope. Madzi akayamba kukwera, mullet zimabwera kumapeto kwenikweni kwa madziwo kudzatola timeneti. Mtundu wa nyambo ufanane ndi pansi: wotuwa pamchenga, woderako kapena wobiriwira pamatope. Musaunjike nthenga. Nyambo yoonda, yooneka ngati yaperewera, ndiyo imamira bwino n'kuyenda ngati chamoyo.

Nditauzidwa kuti nditenge imodzi yokha, ndingatenge Diawl Bach. Inachokera ku Wales, komwe ankawedzera nsomba za trout m'madzi opanda mchere, ndipo kamangidwe kake n'kosavuta: thupi la nthenga ya pikoko, kamchira ndi kandevu ka nthenga zofiirira. Sifanana ndendende ndi kachilombo kalikonse, n'chifukwa chake nsomba imatha kuitenga ngati kashirimpi lero, mawa ngati mphutsi. Yomwe ndimaikhulupirira ili ndi kaulusi kofiira kumchira. Kofiirako kachepe, kangokhala kadontho.

Pali nthawi yomwe zonsezi zimagwa mphwayi. Zomera za m'nyanja zikaunjikana pagombe n'kumawola kunja kukutentha, ntchentche zimaikiramo mazira. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, madzi amakwera kuposa masiku onse, amafika pamuluwo n'kukokolola mphutsi zoyera zomwe zimayandama. Mullet zimazitola pamwamba, milomo ikuoneka. Apa pakufunika kanyambo koyera kapena kotuwira, kotalika ngati mphutsiyo, komangidwa ndi kasiponji kuti kasamire. Kagwere pakati pa mphutsi zenizeni ndipo musakakoke. M'madoko momwe anthu amaponyamo zakudya, nyambo yoyera yofanana ndi chibenthu cha buledi imagwira, koma kugombe lopanda anthu nsomba siziidziwa.

Mtundu wa mullet nawonso umalamula. Ya milomo yokhuthala, Chelon labrosus, ndi yochenjera kwambiri ndipo imafuna nyambo yongotengeka ndi madzi. Mukakoka nyamboyo pang'ono gulu lonse limapatuka. Ya milomo yopyapyala imakwera mitsinje mpaka kufika pomwe mchere watsala pang'ono kutha, ndipo imeneyi imathamangitsa chinthu, choncho nyambo yokhala ndi kunyezimira pang'ono, yokokedwa modukizadukiza, imaikopa. Ina, yokhala ndi banga lagolide pambali pa mutu, imakonda mchenga pomwe mafunde akusweka. Kashirimpi kotuwa kapena kanyongolotsi kofiira ndi zomwe ndimaiyesera.

Za kulemera, chenjerani. Nyambo ya mkanda wolemera kumutu imagwa ndi phokoso, ndipo m'madzi osaya nsomba zimabalalika isanamire n'komwe. Ndimamanga ziwiri, motalikirana pafupifupi mita imodzi: Diawl Bach kumtunda, kashirimpi kolemererako pang'ono kunsonga. Chingwe chachikulu chikhale choyandama, ndipo ulusi wakumapeto ukhale fluorocarbon, ulusi wosaoneka bwino m'madzi, wopirira makilogalamu 3 kapena 4. Ponyani kumtunda kwa gulu, komwe madzi akuchokera, kuti nyambo ifike yokha pakamwa pawo.

Musanasinthe fly kachitatu, onetsetsani ngati nsombazo zikudyadi. Zomwe zikungosambira mwaulesi mozungulira siziluma chilichonse, ngakhale mutamanga bwino chotani. Zomwe zikudya zimadziwika: mitu pansi, michira ikutuluka, mbali zikung'anima, matope akufuka pambuyo pake. Tsatani zimenezo, ndipo mukaona chingwe chagwedezeka kokani msanga ndi dzanja, chifukwa mullet imalavula mwachangu chomwe yachikayikira.

Mukafika kunyumba, tsukani nyambo zonse zomwe zalowa m'nyanja ndi madzi opanda mchere, ziume kaye musanazibwezere m'bokosi. Imodzi yonyowa ndi mchere imachititsa dzimbiri mbedza zonse zoyandikana nayo.