Musachoke pa windo la chipatala chimanjamanja

Chiyambire mvula ya dzinja lino ndakhala ndikuona cholakwa chimodzi chomwechomwecho m'makomboni a Lusaka, ndipo chandifika pakhosi. Malungo ndi kutsegula m'mimba zachuluka monga zimachitira nyengo ino, mizere ndi yaitali. Munthu wolembetsa ku NHIMA, bungwe la boma loyendetsa inshuwalansi ya zaumoyo, afika pa windo, amuuza kuti dzina lake silikuoneka m'kompyuta, kapena kuti chithandizo akufunacho sichili pa inshuwalansi. Iye angoti zikomo, n'kutembenuka. Kapepala alibe, dzina la amene wamubweza salidziwa, pofika Lamlungu ndi tsiku lomwe waliiwala. Dandaulo lonse amakalitulira mu minibasi kwa anthu amene sangamuthandize.

Amayi ndi abambo, ndalama imeneyi ndi yanu. Lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo linakhazikitsidwa mu 2018, ndipo kuyambira 2019 wogwira ntchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, bwana wake n'kuonjezerapo 1 peresenti ina. Wodzilemba yekha ntchito amasonkha molingana ndi zomwe amapeza. Pa windo paja simukupempha chifundo ayi. Mukufunsa chinthu chomwe mwalipira kale mwezi ndi mwezi. Nanga bwanji mumachoka mutawerama ngati mwabwera kudzapempha mchere?

Ndikudziwa yankho lake, ndalimva kambirimbiri. Akuti tinaleredwa kuti wovala yunifolomu satsutsidwa. Akuti ukafunsa kwambiri adzakusunga kumtima, tsiku lina ukadzabwera ndi mwana adzakusiya pa benchi. Ulemu ndi wabwino, koma kupempha kuti akulembereni chifukwa chomwe akubwezerani si chipongwe. Amene ali pa windo nayenso amangowerenga zomwe kompyuta yamuonetsa. Kawirikawiri vuto lili kwina: abwana anadula ndalama koma sanaitumize, nambala ya reji (chitupa cha unzika) inalembedwa molakwika, mwana sanalowetsedwe pa mndandanda wa banja. Zonsezi zimakonzeka, koma amakonza ndi mapepala. Wa mu ofesi sangagwire ntchito ndi mawu akuti "anandikana mwezi watha".

Mwezi wapitawu anandipeza abambo ena olima tomato cha ku Chongwe, amene amagulitsa ku Soweto Market. Analembetsa okha, ndipo amasonkha pa foni mosaphonya. Akazi awo atadwala anauzidwa kuti zopereka zawo sizikuoneka. Sanafunse kanthu. Anatuluka, n'kukatenga kaloba (ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu), ndipo kuti abweze anagulitsa matumba awiri a feteleza amene anasungira chimanga. Nditawafunsa za mauthenga a pa foni osonyeza kuti analipira, anati anawafufuta chifukwa foni inadzaza. Lisiti la mankhwala anayatsira mbaula. Chomwe chinandipweteka n'chakuti m'thumba la jekete anali ndi kapulasitiki momwe amasunga malisiti onse a mbewu ndi feteleza a zaka zitatu, opindidwa bwinobwino. Amadziwa kuti kwa wogulitsa mbewu popanda lisiti palibe mlandu. Za chipatala zokha ndiye anaziona ngati zinyalala. Chimanga chawo pano chachita chikasu, ndipo mwini kaloba akuwerenga masiku.

Taonani mtengo wake. Mwalipira kawiri, koyamba podulidwa, kachiwiri kuchokera m'thumba. Cholakwika chija chikadali m'kompyuta, ndiye ulendo wina adzakubwezaninso. Ndipo ngati ndi abwana amene sakutumiza ndalama, anzanu onse a pantchitopo ali m'dzenje lomwelo osadziwa, mpaka tsiku lomwe mmodzi adzanyamulidwe usiku. Ena amafika posiya kupita kuchipatala n'kumangogula mapanado pa kantemba, malungo akukula m'thupi. Komatu pa kiliniki ya boma chithandizo choyambirira sichilipiritsidwa: ndalama zija anazichotsa m'madera akumidzi mu 2006, m'matauni mu 2012. Vuto la khadi la NHIMA lisakugonetseni kunyumba ndi mwana wotentha thupi.

N'zoona kuti si chithandizo chilichonse chomwe inshuwalansi imalipira, pali mndandanda wake. Ichi ndiye chifukwa china chofunira kuti chifukwacho chilembedwe, kuti mukachifananize ndi mndandandawo m'malo mongokhulupirira zapakamwa.

Zochita zake n'zosavuta. Musanachoke, funsani kumene amaona za NHIMA pachipatalapo kapena pemphani kuonana ndi woyang'anira. Lembani tsiku, nthawi, dzina la amene mwalankhula naye ndi zomwe wanena, ngakhale kuseri kwa khadi. Sungani kapepala ka dokotala, malisiti, ma payslip ndi mauthenga a pa foni, muwajambule chithunzi. Kenako lembani kalata ya dandaulo ku NHIMA, yaifupi, makope awiri, imodzi akudindireni n'kukubwezerani. Musadikire miyezi. Mukapanda kukhutira, lamulo lomwelo linaika komiti yomva madandaulo, Health Complaints Adjudication Committee. Ngati nkhani ndi ya khalidwe la wogwira ntchito zachipatala, pitani ku Health Professions Council of Zambia, ndipo za anamwino zili ndi bungwe lawolawo. Ofesi ya boma ikamangokuzungulitsani pali Public Protector, ndipo amene alibe ndalama ya loya akagogode ku Legal Aid Board. Popita kulikonseko nyamulani reji yanu.