Momwe mungatsekere mtsutso wa kutentha kwa dziko kumapeto kwa chaka popanda kunamizana

Disembala akafika, anthu amene akhala akukangana za kusintha kwa nyengo chaka chonse amayamba kukumbutsana. Uyu akuti "ndinanena ine", uyo akuti "dikirani chaka chamawa, kuzizira kukubwera". Macheza otere amakoma, koma ambiri amathera m'malere chifukwa aliyense amabwera ndi nambala yakeyake, ndipo palibe amene analemba zomwe analosera chaka chikuyamba. Kuti kuseleulana kwa kumapeto kwa chaka kukhale ndi mutu, gulu liyenera kugwirizana muyeso umodzi, kenako n'kumasekana pa muyeso womwewo.

Yambani ndi kalendala

Mu Disembala chaka chimakhala chisanathe, ndipo ziwerengero zomwe zilipo zimalekeza mu Novembala. Mabungwe akuluakulu amatulutsa zotsatira za chaka chathunthu mkati mwa Januwale. Za 2024, mwachitsanzo, NASA ndi NOAA a ku America, Copernicus ya ku Ulaya ndi WMO, bungwe la zanyengo la United Nations, analengeza pa 10 Januwale 2025. Choncho gawani mwambowu pawiri: mu Disembala muwunike miyezi 11 ndi kulemba maulosi a chaka chikubwerachi, ndipo chigamulo cha amene anakhoza chidikire Januwale. Wolengeza kupambana pa Khrisimasi auzeni asunge kaye mawu ake.

Sankhani muyeso umodzi, ndipo dziwani poyambira pake

Mikangano yambiri imasokonekera pomwepa. Mabungwe ambiri salengeza kwenikweni kuti dziko linatentha madigiri angati. Amalengeza kusiyana kwa chaka chimenecho ndi avereji ya zaka zina zomwe anasankha ngati poyambira. Amatero chifukwa malo oyezera nyengo a paphiri ndi a m'chigwa amasiyana kwambiri kutentha, koma mwezi ukatentha kuposa masiku onse, onse awiri amakwera mofanana ndithu. Kusiyanako n'kumene kungaphatikizidwe bwino dziko lonse.

Vuto n'lakuti poyambira pa aliyense n'posiyana. Ziwerengero za NASA, zotchedwa GISTEMP, zimayambira 1880 ndipo zimayerekezedwa ndi avereji ya 1951 mpaka 1980. Za HadCRUT5, zopangidwa ndi Met Office pamodzi ndi University of East Anglia ku Britain, zimayambira 1850 ndipo poyambira pake ndi 1961 mpaka 1990. NOAA imakonda kuyerekeza ndi avereji ya 1901 mpaka 2000. Copernicus ya ku Ulaya imagwiritsa ntchito 1991 mpaka 2020. Ndipo nkhani ikakhala ya pangano la ku Paris, lomwe mayiko anagwirizana kuyesetsa kuti kutentha kusakwere kupitirira madigiri 1.5, onse amabwerera ku 1850 mpaka 1900, nthawi yomwe utsi wa mafakitale unali usanachuluke.

Taonani zomwe zimachitika ndi chaka chimodzi chokha cha 2024. NASA inati chinatentha ndi madigiri 1.28. Copernicus inati 0.72. Copernicus yomweyo inatinso 1.60. Munthu wosadziwa angati asayansi akutsutsana, chonsecho nambala yoyamba ikuyerekeza ndi 1951 mpaka 1980, yachiwiri ndi 1991 mpaka 2020, yachitatu ndi 1850 mpaka 1900. Copernicus imawonjezera 0.88 pochoka pa poyambira pake kupita ku 1850 mpaka 1900, ndiye 0.72 kuphatikiza 0.88 ndi 1.60 uja. NASA itayerekeza ndi zaka zakale zomwezo inapeza 1.47. Kuika 1.28 pambali pa 0.72 kuli ngati kuyeza msinkhu wa anthu awiri wina ataima pachulu wina ali m'dzenje.

Kuika manambalawa pamalo ofanana n'kosavuta. Tsitsani fayilo ya CSV ya ziwerengero za chaka ndi chaka kuchokera ku bungwe lililonse, n'kuitsegula mu Excel kapena pulogalamu ina yotere. Pezani avereji ya zaka 30 kuyambira 1991 mpaka 2020 pogwiritsa ntchito fomula ya AVERAGE. Chotsani avereji imeneyo pa nambala ya chaka chilichonse. Mukatero pa mafayilo onse n'kujambula tchati chimodzi, mizere imagundana pafupifupi paliponse m'zaka zaposachedwa, ndipo imatalikirana pang'ono m'zaka za m'ma 1800 pamene malo oyezera anali ochepa. Chenjerani ndi ziwiri. Mafayilo ena a NASA amalemba nambala m'magawo a 100 a digiri, kotero 128 akutanthauza 1.28. Ndiponso chaka chomwe sichinathe chimakhala ndi tinyenyezi m'malo mwa nambala, zomwe zimasokoneza masamu mukapanda kuzichotsa.

Pagulu sipalephera munthu wobwera ndi ziwerengero za masetilaiti za UAH, zomwe John Christy ndi Roy Spencer amakonza ku University of Alabama in Huntsville. N'zovomerezeka, musamuthamangitse. Kungoti zimayeza chinthu china: kutentha kwa mpweya wa m'mwamba makilomita angapo kuchokera pansi, ndipo zimayambira kumapeto kwa 1978. Mpweya umenewo umalumpha kwambiri nthawi ya El Niño (pamene madzi a pakati ndi kum'mawa kwa nyanja ya Pacific atentha kuposa masiku onse) kuposa kutentha kwa pansi. Ziikeni pa tchati chakechake, kapena ziyerekezeni ndi za kampani ya RSS zomwe nazonso n'za masetilaiti.

Siyanitsani kugwedezeka kwa chaka chimodzi ndi kumene zinthu zikulowera

Chaka chimodzi sichigamula mlandu. El Niño akabwera, nyanja ya Pacific imatulutsa kutentha kupita mumpweya ndipo avereji ya dziko imakwera patapita miyezi ingapo. N'chifukwa chake zaka zophwanya mbiri nthawi zambiri zimakhala zachiwiri za El Niño: 1998 pambuyo pa 1997, 2016 pambuyo pa 2015, 2024 pambuyo pa 2023. La Niña, nthawi yomwe madzi a kumeneko azizira kuposa masiku onse, amachita zosiyana. Kuti mudziwe chaka chomwe mukuwunikacho chinali chotani, onani muyeso wa NOAA wotchedwa ONI, womwe umatsata kutentha kwa madzi m'chigawo cha nyanja ya Pacific chotchedwa Niño 3.4. Ukapitirira 0.5 kwa nthawi yaitali ndiye El Niño, ukatsika kupitirira 0.5 pansi pa ziro ndiye La Niña. Mapiri ophulika nawo amasokoneza: Pinatubo wa ku Philippines ataphulika mu 1991, dziko linazizirako pafupifupi theka la digiri chaka chotsatira.

Ndiye yerekezani zofanana. El Niño ndi El Niño mnzake, La Niña ndi La Niña mnzake. Mukatero mupeza chinthu chovuta kuchizemba: 2021 ndi 2022, zaka za La Niña zomwe anthu ankati n'zozizirirapo, zinatentha kuposa 1998 yemwe pa nthawi yake anali chaka chotentha koposa.

Kuti muone kumene zinthu zikulowera, gwiritsani ntchito fomula ya SLOPE ya mu Excel, yomwe imapeza kukwera kwa pachaka, pa zaka zoyambira 1970 mpaka chaka chathachi, n'kuchulukitsa yankho ndi 10. Mupeza kukwera kwa pafupifupi madigiri 0.2 pa zaka khumi zilizonse. Wina akabwera ndi tchati chosonyeza kuti kutentha kunaima, mufunseni chaka chomwe wayambira. Kawirikawiri chimakhala chaka cha El Niño wamphamvu, 1998 kapena 2016. Mayeso ake ndi awa: sunthani chaka choyambiracho zaka ziwiri kumbuyo, kenako ziwiri kutsogolo. Nkhani yake ikasintha, ndiye kuti inatsamira pa chaka chimene anasankhacho basi. Mayeso omwewa agwirenso munthu amene wayambira pa chaka cha La Niña n'kuthera pa El Niño pofuna kusonyeza kuti zinthu zikuthamanga koopsa. Ndodo ikhale imodzi kwa onse. WMO imawerengera nyengo pa zaka 30, ndipo tchati cha zaka zisanu ndi zitatu n'chachifupi kwambiri kuti munthu aimepo.

Za 1.5 ndi za "chaka chotentha koposa"

WMO itaphatikiza ziwerengero za mabungwe asanu ndi limodzi inapeza kuti 2024 anatentha ndi madigiri 1.55 kuposa 1850 mpaka 1900, ndipo nambalayo ingasunthe ndi 0.13 uku kapena uku. Chaka cha 2023 chinali pa 1.45. Mbali zonse ziwiri zimapunthwa pa nambala imeneyi. Ena amati pangano la ku Paris la 2015 lasweka, pamene malire a 1.5 amanena za avereji ya nthawi yaitali, ndipo IPCC, gulu la asayansi a zanyengo la United Nations, imayang'ana zaka 20. Ena amati "tadutsa 1.5 ndipo dziko silinathe", ngati kuti panali wasayansi amene analonjeza kuti lidzatha tsiku limenelo.

Osataya nthawi kulimbana pa kusiyana kwa 0.01 kapena 0.02 pakati pa zaka ziwiri. Kumeneko kuli mkati mwa kulakwika kwa muyeso. NASA inaika 2020 pamalo amodzi ndi 2016, pamene NOAA inamuika wachiwiri, ndipo onse sanalakwe.

Onjezani miyeso iwiri kapena itatu, osati khumi

Mpweya wa kaboni ndi wosavuta kuutsata. Ku Mauna Loa, ku Hawaii, Charles David Keeling anayamba kuuyeza mu 1958 uli pafupifupi 315 ppm (magawo 315 pa magawo miliyoni a mpweya). Mafakitale asanachuluke unali cha m'ma 280, ndipo avereji ya 2024 inali pafupifupi 424. Msampha wake ndi wakuti umakwera ndi kutsika chaka chilichonse potsata zomera za kumpoto kwa dziko: umafika pamwamba mu Meyi n'kutsika mpaka Seputembala kapena Okutobala. Woyerekeza Meyi ndi Seputembala adzakuuzani kuti mpweyawu ukuchepa. Yerekezani mwezi ndi mwezi womwewo wa chaka chatha.

Madzi oundana a panyanja, omwe bungwe la ku America la NSIDC limawatsata ndi masetilaiti kuyambira 1979, ali ndi msampha wofanana. Ku Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko, amachepa kwambiri mu Seputembala, ndipo mu 2012 anatsika mpaka pafupifupi masikweya kilomita 3.4 miliyoni. Ku Antarctic, kummwera kwenikweni, amachepa mu Febuluwale, ndipo mu 2023 anafika pa 1.79 miliyoni. Amene analosera kuti Arctic idzakhala yopanda madzi oundana pofika chaka chakutichakuti chomwe chadutsa kale, nayenso ayankhe mlandu wake pa macheza amenewa.

Lembani maulosi a chaka chamawa mwa njira yoti munthu asathawe

Apa ndi pamene pamakoma. Aliyense apereke nambala imodzi ya kutentha kwa chaka chikubwerachi, yokhala ndi manambala awiri pambuyo pa kadontho. Pepala la mgwirizano litchule ziwerengero za bungwe liti, poyambira pake, ndi tsiku lodzagamula. Litchulenso kuti nambala yogwiritsa ntchito ndi imene bungwelo lidzalengeze koyamba mu Januwale, chifukwa ziwerengero zimakonzedwanso pambuyo pake malipoti ochedwa akafika kapena njira yowerengera ikasintha, monga momwe HadCRUT4 analowedwera m'malo ndi HadCRUT5 mu 2020. Mukalola anthu kupereka malire m'malo mwa nambala imodzi, malirewo asapitirire 0.2, apo ayi wina adzanena "pakati pa 0.5 ndi 2.0" n'kudzitcha mneneri.

Kugoletsa n'kosavuta: chotsani ulosi pa nambala yeniyeni, osalabadira kuti wapitirira kapena waperewera, ndipo wosiyana pang'ono ndiye wapambana. Onjezani opikisana awiri opanda pakamwa. Woyamba ulosi wake ndi wakuti chaka chamawa chidzafanana ndi chino. Wachiwiri amangotsata mzere wa SLOPE uja. Munthu amene wakhala akulankhula chaka chonse koma wagonja kwa awiriwa, ameneyo ndiye woyenera kusekedwa koposa.

Kubetcherana kwa zaka zambiri kumaphunzitsa kuposa kwa chaka chimodzi. Mu 2005 wasayansi James Annan anabetcherana madola 10,000 ndi akatswiri awiri a za dzuwa a ku Russia, Galina Mashnich ndi Vladimir Bashkirtsev, amene ankayembekezera kuti dziko lizizira. Anagwirizana kuyerekeza avereji ya 1998 mpaka 2003 ndi ya 2012 mpaka 2017, ndipo zaka zachiwirizo zinatentha kuposa zoyambazo. Chofunika kutengerapo ndi kapangidwe kake: zaka zisanu ndi chimodzi mbali iliyonse, kuti El Niño mmodzi asagamule yekha. Ndalama si zofunika, ndipo nthawi zambiri zimangobweretsa udani. Wogonja kungolemba yekha kuti "ndinaphonya ndi 0.17" n'chilango chokwanira.

Nthabwala zikhale ndi malire ake

Sekani ulosi, musaseke mwini wake. "Kuzizira kwanu kuja kwasochera kuti, achimwene?" ndi nthabwala. Kumutcha munthu mbuli kapena wolipidwa ndi makampani a mafuta ndi mwano, ndipo kumathamangitsa anthu amene mtsutso umawafuna. Mphotho zoseketsa zimathandiza ngati zikugwa mbali zonse: ya tchati chachifupi koposa, ya munthu amene anasuzumira pawindo n'kuona chisanu n'kugamula za dziko lonse, ya amene anati mkuntho uliwonse wabwera ndi kusintha kwa nyengo kafukufuku asanachitike. Masoka amene anapha anthu chaka chimenecho asalowe m'nthabwala.

Musanagawe mphothozo, aliyense atchule chinthu chimodzi chimene iye kapena a mbali yake anaphonya, ndipo woyamba akhale wotsogolera zokambirana. Zikapanda kutero, gawoli limasanduka bwalo la milandu la mbali imodzi. Wina akayamba kusuntha zigoli, kunena kuti iye ankatanthauza ziwerengero zina kapena zaka zina, musakangane naye, ingomuwerengerani zomwe analemba.

N'chifukwa chake maulosi onse asungidwe ndi munthu mmodzi amene sakupikisana nawo. Awalembe mufayilo imodzi yokhala ndi dzina la wolosera, nambala yake ndi tsiku, aisandutse PDF, n'kutumizira aliyense pasanafike pa 31 Disembala. Ulosi wobwera pambuyo pa tsikulo usalandiridwe, chifukwa ziwerengero za tsiku ndi tsiku za Copernicus zimatuluka patangopita masiku ochepa, ndipo wochedwayo amakhala ataonera kale mmene Januwale wayambira.