Kuchoka ku fomu 2 kukalowa giredi 10: mwana wanu ndi sekondale ya ku America

Mwana wa mchemwali wanga anafika kuno ali ndi zaka 15, atangomaliza fomu 2. Kwathu anali wa nambala wani kapena thuu, mwana wosavuta, woti aphunzitsi akamalankhula iye maso pansi. Patatha miyezi iwiri tinatsegula tsamba la sukulu pa intaneti n'kupeza D m'maphunziro awiri. Chodabwitsa n'chakuti timayeso tonse anali atakhoza. Chinamugwetsa ndi homuweki imene sankapereka, poyesa kuti ndi yongoyeserera, komanso kukhala duu m'kalasi. Nditamufunsa anati, "Mayi aang'ono, ine ndikudikira mayeso enieni."

Mayeso amodzi ogamula zonse ngati a MANEB kuno kulibe. Kwathu mwana atha kugona kuyambira fomu 1 mpaka fomu 3, n'kudzadzuka fomu 4, kuwerenga usiku mapazi ali m'beseni la madzi, n'kutuluka ndi mapointi 12. Sekondale ya kuno, imene amati high school, ndi ya zaka zinayi, giredi 9 mpaka 12, ndipo zonse zimene mwana wachita kuyambira sabata yoyamba zimalembedwa. Homuweki, timayeso ta Lachisanu, ntchito ya pagulu, kwa aphunzitsi ena ngakhale kukweza mkono, zimaphatikizidwa kukhala chilembo chimodzi, A mpaka F. Zilembozo amazisonkhanitsa n'kupanga GPA, yomwe nthawi zambiri imathera pa 4.0, ndipo makoleji amayamba kuyang'ana imeneyo. Malikisi nawo ali ndi muyeso wina. M'sukulu zambiri A amayambira pa 90, ndipo 70 ija imene kwathu mwana amabwera nayo kunyumba akuyenda monyang'wa, kuno ndi C.

Ngati mwana adakali ku Malawi, ntchito yoyamba ili komweko. Pitani kwa ahedi mukatenge malipoti onse kuyambira fomu 1, teremu iliyonse, okhala ndi chidindo cha sukulu. Muwapemphenso kalata yofotokoza maphunziro amene mwana wachita, maola ake pa sabata, ndi tanthauzo la malikisi athu, makamaka kuti pa mayeso a MSCE 1 ndiye wapamwamba ndipo 9 ndi kulephera. Munthu wa kuno akaona 1 atha kuganiza kuti mwana anali wotsiriza. Mapepalawa ndi ofunika chifukwa kuno mwana samaliza sukulu powerenga zaka, amamaliza akakwanitsa makirediti. Ku New York ndi ku Texas amafuna osachepera 22, ndipo phunziro limodzi la chaka chonse ndi kirediti imodzi. Mwana wa zaka 17 wofika chimanjamanja akhoza kuyambitsidwa giredi 9 pamodzi ndi tiana ta zaka 14, pamene ndi malipoti ake akanalowa giredi 11. Zotsata mapepala muli kale kuno, kutuma achibale pa WhatsApp, lero ahedi achokapo, mawa kiyi wa ofesi ali ndi wina, amene anayesapo akudziwa.

Amene amawerenga malipotiwo ndi kusankhira mwana maphunziro ndi mlangizi wa ophunzira, counselor. Munthu ameneyu mumudziwe dzina, mukhale ndi imelo yake, ndipo pa msonkhano woyamba mupite nokha, musangotuma mwana. Ife tinakula tikudziwa kuti mwana ukamupereka m'manja mwa aphunzitsi, wathana nazo, kubwerera ku sukulu n'kokalipira fizi kapena mwana akapalamula. Kuno kholo losaoneka amalitenga kuti lakhutira ndi zonse. Mlangizi mmodzi amakhala ndi ana mazanamazana, ndipo mwina sanaonepo lipoti la ku Malawi. Masamu athu ndi phunziro limodzi, pamene kuno anawagawa: Algebra I, Geometry, Algebra II, kenako Precalculus. Mukangokhala chete, mwana amene anali kale pa masamu a fomu 3 amuika pa Algebra I, chaka chonse n'kumabwereza zimene amadziwa. Pemphani kuti amuyese kaye. Funsani kuti pa malipoti ake awerengapo makirediti angati, atsala angati, ndipo akupatseni zimenezo polemba. Funsaninso ngati Chichewa chimene anaphunzira angachiwerengere ngati chilankhulo chachiwiri, chifukwa makoleji ambiri amafuna zaka ziwiri za chilankhulo china kupatula Chingerezi. Akakana, palibe chimene mwataya. Safunsa anadya phula. Mbiri ya America ndi kayendetsedwe ka boma lake, zimenezo sangazithawe, aziyamba kuchokera pansi.

Polembetsa adzakupatsani pepala lofunsa chilankhulo cha pakhomo. Mukalemba Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, mwana amuyesa Chingerezi. M'zigawo zambiri mayesowa ndi a WIDA, ku California amati ELPAC. Ena mwa ife timakwiya nazo, ati mwana wanga waphunzira m'Chingerezi kuyambira sitandade 5. Lembani zoona, mwana alembe mayesowo. Akakhoza, nkhani yatha. Akaikidwa m'kalasi ya othandizidwa Chingerezi, kholo lili ndi ufulu wokana, koma musakane chifukwa cha manyazi chabe. Chingerezi cholemba ana athu amakhala nacho, chimene chimawavuta ndi kumva liwiro la kalankhulidwe ka kuno. Chongoyenera kuonetsetsa n'chakuti kalasiyo isamudyere maphunziro ena ofunika kuti amalize.

Sukulu ya boma ndi yaulere, ndipo imene mwana alowe imadalira adiresi ya pamene mukukhala, choncho musanasaine lendi ya nyumba fufuzani sukulu ya dera limenelo. Adzafuna umboni woti mumakhaladi pamenepo, monga pepala la lendi kapena bilu ya magetsi, ndi umboni wa zaka za mwana. Kuyambira mu 1982, pa mlandu wa Plyler v. Doe, khoti lalikulu la dziko lino linagamula kuti sukulu ya boma singakanize mwana maphunziro chifukwa cha mapepala ake olowera m'dziko. Koma mwana wobwera pa viza ya ophunzira ya F-1 nkhani yake ndi ina: pa sekondale ya boma amaloledwa miyezi 12 yokha, ndipo amalipira mtengo wonse. Polemba tsiku lobadwa kumbukirani kuti kuno amayamba mwezi, kenako tsiku. 03/07 ndi 7 March, osati 3 July, ndipo kukonza cholakwika chotere chikalowa m'kompyuta n'chintchito.

Buku la kusikelo lija, ngakhale litang'ambika bwanji, musalisiye. Akatemera ena amene sukulu za kuno zimafuna, monga wa katsabola, kwathu sapatsidwa kwa ana onse, choncho mwana adzabayidwa ena owonjezera. Ku ofesi ya zaumoyo ya boma ya dera lanu, imene amati ya county, amabaya ana opanda inshuwalansi pa pulogalamu ya Vaccines for Children. Akafuna kumuyeza TB, auzeni kuti anabayidwa BCG ali khanda, chifukwa kuyeza kwa pakhungu kumatha kuonetsa ngati ali nayo pamene alibe. Kuyeza magazi ndiko kumachotsa chikayikocho. Lembaninso fomu ya chakudya chamasana chaulere kapena chotsika mtengo. Musachite nayo manyazi, fomu yomweyo imathandiza kuti amuchotsere ndalama za mayeso othandiza polowa ku koleji, a SAT, ACT ndi AP. Ku California, Maine ndi Minnesota ana onse amadya ulere.

Tsiku loyamba lenilenilo limasokoneza mutu. Kwathu ana amakhala m'kalasi imodzi, aphunzitsi ndi amene amayenda. Kuno belu likalira, ana onse amakhamukira m'makonde, aliyense kuthamangira chipinda chake, ndipo ali ndi mphindi zinayi kapena zisanu zokha. Ngati n'kotheka pitani naye sukulu isanatsegulidwe, ayende ndi pepala la ndandanda yake chipinda ndi chipinda, ayesenso kutsegula loko ya loka yake, kakabati kosungiramo mabuku, mpaka dzanja lizolowere. Yunifomu m'sukulu zambiri za boma kulibe, kumeta mpala kulibe, kusesa ndi kutchetcha kulibe. Koma nthawi imene ana obwera kumene amaiopa si ya masamu ayi, ndi ya chakudya. Holo yaikulu, phokoso, aliyense ali ndi tebulo la anzake, iye ali chilili ndi mbale m'manja. Wathuyu sabata ziwiri zoyamba ankadyera pafupi ndi laibulale, ife osadziwa. Mukamufunsa madzulo musamangoti "sukulu inali bwanji", mufunseni kuti wadya ndi ndani.

Ulemu umene tinamuphunzitsa uyenera kumasuliridwa. Kuyang'ana pansi mkulu akamalankhula, kuno ena amakuona ngati kubisa kanthu kapena kusalabadira. Muuzeni kuti ku sukulu ayang'ane aphunzitsi kumaso, afunse pamene sanamve, awalembere imelo akaona kuti homuweki ichedwa. Si mwano. Kunyumba apitirize kulandira ndi manja awiri. Inunso tengani pasiwedi ya tsamba la makolo, kaya ndi PowerSchool kapena Infinite Campus, muzitsegula kamodzi pa sabata. Homuweki yosaperekedwa imaoneka pomwepo ngati ziro.

Pali tinthu tina timene kwathu sitingadzutse ndi galu yemwe, koma kuno timabweretsa mlandu. Mapiritsi a mutu m'chikwama: m'sukulu zambiri mankhwala amasungidwa kwa nesi, ndipo kugawira mnzako ndi cholakwa chachikulu. Kampeni kosendera zipatso kapena lezala yosongolera pensulo, amaziwerenga ngati zida. Kubwezera mbama, nthawi zambiri onse awiri amaimitsidwa sukulu. Kukopera ndime ya pa intaneti kapena notsi za mnzake n'kupereka ngati zake, ziro, mwinanso kulembedwa m'failo. Ndipo kwa ife makolo: aphunzitsi, anesi ndi alangizi amakakamizidwa ndi lamulo kukanena ku boma akaona zipsera pa mwana. Mkwapulo usiyeni ku eyapoti. Muchenjezeninso kuti sukulu zimayeserera zobisala ngati kutalowa munthu wa mfuti, kuzimitsa magetsi, kukhoma chitseko, onse zii pakona. Mwana wosauzidwa amabwera kunyumba akunjenjemera.

Anzake adzawapeza msanga ku masewero ndi ku makalabu kusiyana ndi m'kalasi. Mpira wamiyendo kuno ndi soccer, ndipo mnyamata kapena mtsikana wokulira pa bwalo la fumbi amaonekera msanga. Kusankha osewera a chigawo choyamba cha chaka kumachitika mu August, kawirikawiri sukulu isanatsegulidwe, ndipo amafuna kalata ya dokotala. Ntchemberembaye ku sukulu za kuno simuipeza, atsikana athu ayese basketball, volleyball kapena kuthamanga. Kwaya ndi bandi nazo zilipo, ndipo m'sukulu zambiri zimapatsa kirediti.

Mafunso opusa adzabwera, oti kwanu mumagona ndi mikango, Chingerezi unachiphunzira kuti. Ambiri ndi umbuli chabe, mwana aphunzire kuyankha n'kupita. Koma kunyozedwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha khungu, kalankhulidwe kapena dziko lochokera, lembani masiku ake ndi mayina, mutumize imelo kwa ahedi. Lamulo la Civil Rights Act la 1964 limaletsa tsankho lotere m'sukulu zolandira ndalama za boma. Mukaona mwana wasiya kudya, akudzitsekera m'chipinda, makamaka m'miyezi yozizira pamene dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko, musathamangire kunena kuti wayamba matama a ku America. Mlangizi uja amathandizanso pa zotere, ndipo nambala ya foni ya 988, yothandiza ovutika maganizo, imayankhidwa usana ndi usiku.

Chotsiriza chimene chimatigwira ife Amalawi ndi maliro. Uthenga ukabwera timanyamuka tonse, ndipo poti tikiti ndi yodula timakhala mwezi. Sukulu imawerenga tsiku lililonse limene mwana wajomba. Ku Texas mwana ayenera kupezeka m'kalasi masiku 90 pa 100 alionse kuti apatsidwe kirediti, ndipo kwina akasowa nthawi yaitali popanda mawu amamufufuta m'kaundula. Musanakwere ndege lemberani ofesi ndi mlangizi, nenani tsiku lobwerera, pemphani ntchito yoti azichita ali kumudzi, ndipo mufunse ngati laputopu ya sukulu imaloledwa kutuluka m'dziko.